Mabuku a Imfa ndi Mbiri ya Anthu a ku Ntcheu

Imfa za anthu a m'boma la Ntcheu zakhala zikulembedwa m'mabuku a mitundu yosiyanasiyana kwa zaka zoposa 120, koma ambiri mwa mabukuwo sanatsegulidwe chifukwa cha omwalirawo. Ena anali a msonkho, ena a mpingo, ena a nkhondo, ena a makampani olemba anthu ntchito za m'migodi, ndipo dzina la malemu linkalowamo pokhapokha ngati imfayo ikukhudza ntchito ya mwini buku. N'chifukwa chake munthu wa kwa Njolomole, kwa Mpando kapena kwa Champiti amene angapite mumzinda wa Zomba, kunyumba yosungiramo zolembedwa zakale za dziko lino, kukafufuza tsiku limene agogo a makolo ake anamwalira ndi nthenda imene inawatenga, kawirikawiri amabwerako chimanjamanja, ngakhale kuti m'nyumbamo muli mapepala ochuluka onena za dera lakwawo. Kusowa kwa mayinawo kuli ndi mbiri yakeyake, imene ikuonetsa anthu amene boma la nthawi iliyonse linkawaona kuti ndi oyenera kuwerengedwa ndi amene linkawasiya kuti abale awo okha aziwakumbukira.

Kaundula wa imfa ndi buku limene mlembi wovomerezeka ndi lamulo amalembamo dzina la womwalira, zaka zake, malo ndi tsiku limene wamwalirira, chimene chamupha ngati chikudziwika, ndiponso dzina la munthu amene wabwera kudzanena za imfayo. Mwambo wosunga buku lotere unayambira m'mipingo ya ku Ulaya. Ku England, Thomas Cromwell analamula mu 1538 kuti parishi iliyonse izilemba maubatizo, maukwati ndi maliro, ndipo Mpingo wa Katolika unakhazikitsa buku la omwalira pakati pa mabuku a parishi mu 1614. Mu 1662 John Graunt anasonkhanitsa ziwerengero za maliro zimene zinkasindikizidwa sabata ndi sabata mumzinda wa London, nasonyeza kuti imfa zikawerengedwa pamodzi zimaulula zimene maliro amodzi sangaulule, monga msinkhu umene anthu amafa kwambiri ndi nyengo imene mlili umafika pachimake. Boma la England linatenga ntchitoyi m'manja mwa mipingo mu 1837, ndipo la Scotland linatsatira mu 1855. Motero atsamunda ndi amishoni amene anafika kumapiri a Ntcheu kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ankachokera kumayiko kumene imfa ya mmphawi aliyense inkalembedwa, ndipo ankadziwa bwino phindu la kalembedweko.

Ngakhale zinali choncho, lamulo la kalembera wa obadwa ndi omwalira limene linakhazikitsidwa m'dziko muno mu 1904 linakakamiza kulembetsa anthu okhawo amene sanali mbadwa za mu Afirika, makamaka Azungu ndi Amwenye, pamene kwa eni nthaka kulembetsa kunali kwa amene wafuna. Zifukwa zimene kawirikawiri zimaperekedwa n'zakuti boma linali ndi alembi ochepa, ndalama zinali zoperewera, ndipo anthu odziwa kulemba m'midzi anali owerengeka. Zifukwazi n'zoona, koma sizikwanira, pakuti boma lomwelo linapeza alembi okwanira kulemba nyumba iliyonse yoyenera kukhoma msonkho. Imfa ya Mzungu inali ndi zotsatira zake pamalamulo a Chingerezi: panali chuma choti chigawidwe, minda yoti isinthe mwini, penshoni yoti ilipidwe, ndi achibale kutsidya kwa nyanja oyembekezera chikalata. Imfa ya mlimi wa ku Kandeu inkaonedwa ngati nkhani ya pamudzi, yoti nyakwawa ndi mwinimbumba aithetse mwa mwambo. Chodabwitsa n'chakuti lamulo la 1904 silinathe pamodzi ndi ulamuliro wa atsamunda, koma linapitiriza kugwira ntchito zaka zoposa 40 dziko litalandira ufulu mu 1964.

Nkhokwe ya zolembedwa ya ku Zomba nayonso ili ndi mabala ake. Mu 1919 moto unanyeketsa maofesi a likulu la boma mumzindawo, ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa Angerezi anapsera momwemo, kotero kuti wofufuza mbiri ya zaka za m'ma 1890 amadalira kwambiri makalata amene anatumizidwa ku London ndipo akusungidwa ku Kew. Nyumba yosungiramo zolembedwa inatsegulidwa mu 1947 monga nthambi ya Central African Archives, imene likulu lake linali ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mapepala anasamutsidwira kumeneko, nabwezedwa ku Zomba pamene chitaganyacho chinkatha mu 1963, ndipo mu ulamuliro wa chipani chimodzi chilolezo chowerengera mafayilo chinali chovuta kupeza. Wofuna za Ntcheu ayenera kudziwanso kuti m'mapepala akale dzinali limalembedwa kuti Ncheu, ndi kuti m'zaka zoyambirira derali linali m'chigawo chotchedwa Upper Shire. Zimene amapeza akatsegula mafayilo ndi malipoti a pachaka a DC ndi a madokotala, mabuku amene ma DC ankalembamo za mafumu ndi midzi, milandu ya kupha, ndi zofufuza za imfa zokayikitsa. M'mapepala amenewa anthu akuda amaoneka akufa monga chiwerengero, ndipo dzina limatchulidwa makamaka pamene pali mlandu.

Imfa ya ku Ntcheu imene inalembedwa koposa zonse m'nthawiyo ndi ya Inkosi Gomani Woyamba, mwana wa Chikuse, mfumu ya Angoni a kwa Maseko. Mu October 1896 asilikali a boma la atsamunda, limene pa nthawiyo linkatsogozedwa ndi Alfred Sharpe, anakwera kumapiri atamva kuti ankhondo a Gomani athira nkhondo midzi yoyandikana ndi mishoni za Zambezi Industrial Mission. Gwero la mkangano linali ulamuliro pa anthu, chifukwa mfumu inkaona anyamata ake akupita kukagwira ntchito kwa Azungu ndi kukhoma msonkho kuboma lachilendo popanda chilolezo chake. Gomani anagwidwa naphedwa pa 27 October 1896 kufupi ndi Dombole. Malinga ndi mbali ya boma, iye anaweruzidwa ndi kuwomberedwa monga wopalamula. Angoni amasimba kuti mfumu yawo inakana kuyendetsedwa pansi ili yomangidwa ngati kapolo, ndipo inasankha kufera pomwepo kusiyana ndi kunyozeka pamaso pa anthu ake. Ambiri amanenanso kuti mutu wake unadulidwa n'kutengedwa.

Nkhani ziwirizi zikuphunzitsa za chikhalidwe cha cholembedwa chilichonse cha imfa. Lipoti la boma linalembedwa ndi mbali imene inapha, polembera akuluakulu a ku London amene ankafuna kumva kuti zonse zinachitika mwa dongosolo, choncho limasunga bwino tsiku ndi mayina a akuluakulu a asilikali koma silingakhale mboni yokhayo ya mmene mfumu inafera. Nkhani ya pakamwa inasungidwa ndi anthu olira, ndipo imasunga ulemu wa mfumu ndi tanthauzo la imfayo kwa mtundu wonse. Angoni anadzamanga chiliza pamalo pamene mfumu yawo inagona, ndipo ichi chinali cholembedwa chawochawo, choikidwa poyera pamene aliyense angaone. Koma anthu wamba amene anafa m'masiku omwewo, pamene midzi inkatenthedwa ndi ng'ombe zinkalandidwa, sanalembedwe mayina m'lipoti kapena pachiliza, monganso amene anafa pa nkhondo ya pachiweniweni ya Gomani ndi Kachindamoto zaka zochepa m'mbuyo mwake. Olemba monga Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, ndi K. D. Philip, mlembi wa buku la Onani Angoni, anatola zambiri kwa akuluakulu amene anaona nthawizo ndi maso, komabe chidwi cha osimba ndi cha olemba chinali pa mafumu, nduna ndi ngwazi za nkhondo.

Mabuku oyamba kulemba imfa za anthu wamba a ku Ntcheu ndi mayina awo anali a mipingo, ndipo derali linalandira mishoni zambiri msanga. Amishoni a Livingstonia anatsegula malo m'chigwa cha Livulezi mu 1887, kumene kunagwira ntchito Dr George Henry, mlembi wa galamala ya Chinyanja, amene anamwalira mu 1893; malowo anadzaperekedwa kwa amishoni a Dutch Reformed Church, amenenso anatsegula Mlanda mu 1902. A Zambezi Industrial Mission anakhazikika ku Ntonda, Chiole ndi Dombole, a Baptist Industrial Mission ku Gowa, kumene pambuyo pake kunakhala kwa a Churches of Christ, ndipo ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama, m'dziko la Njobvuyalema, mu 1901. Mpingo uliwonse unali ndi kalembedwe kake. Kwa Apresibiteriyani ndi ena ofanana nawo, imfa inkaoneka m'kaundula wa Akhristu odya mgonero, pamene mlembi ankalemba chizindikiro kapena mawu ochepa pambali pa dzina, ndiponso m'mabuku a misonkhano ya akulu a mpingo. Kwa Akatolika kunali buku la omwalira lolembedwa m'Chilatini, buku la maubatizo, ndi buku la zochitika tsiku ndi tsiku limene ansembe ankalembamo za mvula, njala, matenda ndi maulendo awo. Ian Linden anagwiritsa ntchito mabuku a mtundu wotsirizawu polemba mbiri ya Akatolika ndi Achewa imene inatuluka mu 1974.

Pali chinthu chimodzi m'mabuku a Chikatolika chimene wofufuza za imfa ayenera kuchisamala kwambiri, ndicho ubatizo wa pangozi, kutanthauza ubatizo woperekedwa mofulumira kwa munthu amene ali pafupi kutsirizika, kaya ndi khanda kapena nkhalamba imene sinaphunzirepo katekisimu. Akatekisiti ndi aphunzitsi a m'midzi ankabatiza anthu otere n'kukapereka mayina kumishoni, kotero kuti kuchuluka kwa maubatizo amenewa m'miyezi ina kumalozera nyengo imene nthomba, chikuku kapena njala inavuta. Ndi njira imeneyi anthu ena amene moyo wawo wonse anakhala kunja kwa mpingo analowa m'buku pa tsiku lawo lomaliza, nthawi zambiri ndi dzina lachikhristu limene abale awo sanawaitanepo nalo. Malire a mabuku a mipingo ndi oonekeratu: amanena za nkhosa za m'khola lokhalo, salemba kawirikawiri chimene chinapha munthu, ndipo zaka za womwalira zinali zongoyerekeza. Ndiponso anabalalika potsata kumene mishoni zinachokera, ena ali m'maparishi momwemo, ena ku Nkhoma, ku Dedza ndi ku Zomba, pamene makalata a amishoni anakathera ku Edinburgh, ku Stellenbosch ndi ku Roma.

Buku la boma limene linkafika m'mudzi uliwonse linali la msonkho wa nyumba, umene unayamba m'zaka za m'ma 1890. Mwamuna wokhoma msonkho akamwalira, nyakwawa inkayenera kunena kuti dzina lake lichotsedwe, apo ayi mudzi unkaoneka ngati ukuzemba, ndipo lamulo la 1912 lokhudza ulamuliro wa m'midzi, kenaka la 1933 limene linapatsa mafumu mphamvu zoyendetsa madera awo, zinamangirira mafumu ku ntchito yosunga mabuku amenewa. Ana sankalowa m'buku la msonkho, chonsecho ndiwo ankafa mochuluka. Ziwerengero zoyambirira za anthu a m'dziko muno zinkapezedwa pochulukitsa nambala ya nyumba zokhoma msonkho, ndipo katswiri wa za chiwerengero cha anthu, R. R. Kuczynski, atasanthula mapepala a mayiko olamulidwa ndi Britain m'buku limene gawo lake lokhudza Nyasaland linatuluka mu 1949, anaonetsa kufooka kwa ziwerengero za kubadwa ndi kufa kwa anthu akuda m'chigawo chino cha Afirika.

Nthawi imene imfa inakolola kwambiri ndiyo imene mabuku ali chete koposa. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko muno anatengedwa kukagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo za asilikali olimbana ndi Ajeremani kum'mawa kwa Afirika, ndipo ambiri anafa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala, naikidwa m'mbali mwa njira. Chipilala cha King's African Rifles ku Zomba chili ndi mayina a asilikali, koma unyinji wa amtengatenga sunalembedwe paliponse, ndipo mu 2021 bungwe losamalira manda a ankhondo a mayiko a Commonwealth linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, makamaka a mu Afirika, mwinanso kufika 350,000, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi Azungu. Melvin Page, polemba mbiri ya nkhondoyi m'buku la The Chiwaya War, anadalira kwambiri kucheza ndi okalamba amene anapulumuka, popeza mapepala okha sakanamufikitsa patali. Nkhondo isanaiwalike, mlili wa fuluwenza unalowa kumapeto kwa 1918, ukuyenda m'njira zomwezo zimene asilikali ndi amtengatenga ankabwerera nazo kwawo, ndipo ziwerengero zimene ma DC anatumiza ku Zomba zinali zongoyerekeza kuchokera pa zimene mafumu ankanena.

Gulu lina losowa m'mabuku a kuno ndi la amene anafera kunja. Kwa zaka zambiri amuna a ku Ntcheu ankapita ku Halale ndi ku Joni, ena kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide, ena paokha wapansi. Migodi inkasunga mabuku a imfa mosamala ndithu, chifukwa wantchito aliyense anali ndi nambala ndi pangano, ndipo ziwerengero za m'mabukumo ndizo zinachititsa boma la South Africa kuletsa mu 1913 kulemba anthu ochokera kumayiko otentha a kumpoto, ataona mmene chibayo chinkawapululira. Apa kuwerenga imfa kunasintha lamulo, ngakhale kuti chiletsocho chinadzachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Momwemonso, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo, Dr Kamuzu Banda anaimitsa ntchito ya bungwelo m'dziko muno. Koma amene anapita paokha, n'kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'nyumba za Azungu, nthawi zina ndi dzina losintha, akamwalira uthenga unkabwera ndi mnzawo patapita miyezi, kapena osabwera konse. Amenewa ndiwo machona, anthu amene anapita osabwerera, ndipo mkazi wotsala pamudzi sankadziwa ngati ndi wamasiye kapena wosiyidwa. Malire a dziko anawonjezera vutoli, chifukwa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linadula pakati dziko la Angoni a kwa Maseko, mbali ina n'kutsalira kwa Apwitikizi ku Angonia, moti wa ku Lizulu kapena ku Tsangano womwalira kwa abale ake kutsidya kwa malire ankafera m'dziko la mabuku ena ndi chilankhulo china.

Kungakhale kulakwa kwakukulu kuganiza kuti popeza boma silinalembe, ndiye kuti imfazo sizinasungidwe. Mudzi uli ndi dongosolo lake lolimba lotsimikizira imfa, ndipo m'njira zina limaposa la pepala. Munthu akatsirizika, mfumu ndiyo imayamba kuuzidwa, ndipo popanda chilolezo chake maliro salengezedwa ndiponso adzukulu, amene ndi anthu okumba manda ndi kusamalira mtembo, sakhudza khasu. Uthenga umatumizidwa kuchimuna ndi kuchikazi, masamba amaikidwa pamsewu, ndipo anthu amagona pasiwa. Kumanda woimira banja amafotokoza mbiri ya malemu, kumene anabadwira, ana ndi zidzukulu zimene wasiya ndi mmene anadwalira, pamaso pa khamu limene lingathe kutsutsa ngati wanama. Kumanda sikulowedwa popanda mfumu kudziwa, ndipo akuluakulu a mudzi amadziwa mtumbira uliwonse kuti ndi wa yani ndiponso mbali imene banja lililonse limagona. Mwa mwambo wakale wa Chingoni, mwamuna wolemekezeka ankakulungidwa m'chikopa cha ng'ombe n'kuikidwa chokhala pafupi ndi khola, kotero kuti malo enieniwo a manda ankanena za udindo wa munthuyo. Pambuyo pake pamabwera kumeta, kenaka chikumbutso, ndipo dzina la malemu limapatsidwa kwa mwana wobadwa m'banjamo kuti lisafe.

Sukulu zitafalikira, mudzi unayamba kulemba wokha. Pamaliro pamakhala kope la chipepeso, mmene mlembi amalembamo aliyense amene wapereka ndalama, ufa, nkhuni kapena nkhuku, ndipo mayinawo amawerengedwa poyera. Kope lotere limasunga tsiku la maliro, midzi imene inabwera, mipingo ndi magulu amene malemu ankasonkhana nawo, mwakuti wolemba mbiri angaonemo ubale wonse wa munthuyo, chinthu chimene chikalata cha boma sichisonyeza. Ziliza za simenti zolembedwa tsiku lobadwa ndi lomwalira, masamba oyambirira a Baibulo la banja, ndi mauthenga achisoni a pa wailesi ya MBC ndi mbali ya kaundula yemweyu. Komabe chikumbukiro cha mudzi chili ndi mipata yake, ndipo kuibisa sikungathandize. Chimasunga ubale koma chimataya zaka, pakuti okalamba ankati munthu anamwalira chaka cha dzombe kapena cha njala ya 1949. Khanda lomwalira lisanatuluke m'chikuta limaikidwa ndi amayi okha mwakachetechete, ndipo patapita mbadwo umodzi amalikumbukira ndi mayi ake okha. Chimene chapha munthu chimanenedwa mophimba, kuti wadwala nthawi yaitali kapena kanthawi kochepa, ndipo nthawi zina chimafotokozedwa ndi ufiti kapena mdulo. Kope la chipepeso nalo likagwira ntchito yake limaikidwa m'sutikesi kapena kudenga, kumene chiswe ndi mvula zimalipeza.

Mipata imeneyi inaonekera poyera m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Nkhondo ya ku Mozambique itakula mu 1986, Ntcheu inali limodzi mwa maboma amene analandira othawa nkhondo ochuluka zedi, ambiri a iwo n'kukhala m'midzi ya m'malire pakati pa abale awo, ndipo amene anamwalira kuno anatsala m'manda a eni mudzi pamene anzawo ankabwerera mtendere utabwera mu 1992. M'nyengo yomweyo Edzi, imene inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, inkatenga anthu a msinkhu wobereka ndi wogwira ntchito, koma mpaka mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, dzina la nthendayi silinkamveka kumanda ndipo silinkalembedwa kawirikawiri ngakhale m'mabuku a chipatala. Popeza kaundula panalibe, dziko linadalira kalembera wa anthu, amene anachitika mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018, ndiponso kafukufuku wa zaumoyo wofunsa amayi za ana amene anabereka ndi amene anamwalira. Kafukufuku wotereyu ndiye anasonyeza kuti ana omwalira asanakwanitse zaka zisanu anatsika kuchoka pa 234 mwa ana 1,000 alionse mu 1992 kufika pa 63 mu 2015 ndi 2016. Ziwerengerozi n'zamtengo wapatali pokonza ndondomeko za dziko, koma zimachokera ku mabanja osankhidwa ochepa, ndipo sizingauze mfumu kapena mlangizi wa zaumoyo kuti m'mudzi mwake mwafa ndani ndi chiyani. Ku Ntcheu komweko, Inkosi Kwataine inatchuka chifukwa chotsata imfa za amayi oyembekezera mudzi ndi mudzi, kufunsa chimene chinachitika pa imfa iliyonse ndi kukhazikitsa malamulo oti amayi azichirira kuchipatala, ntchito imene inachititsa kuti mu 2012 ipatsidwe udindo wotsogolera nkhani za uchembere wabwino m'dziko lonse.

Lamulo la 1904 linalowedwa m'malo ndi lamulo la kalembera wa dziko la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo likulamula kuti kubadwa ndi imfa ya munthu aliyense zilembetsedwe, pasanathe masabata asanu ndi limodzi. Ntchitoyi ili m'manja mwa National Registration Bureau, nthambi imene inakhazikitsidwa mu 2007 ndipo inagawira nyakwawa mabuku a kaundula wa m'mudzi; kaundula woyamba wa pakompyuta wa mtundu umenewu anayesedwa m'mudzi wa Chalasa kwa Mtema ku Lilongwe mu 2013. Imfa ya kuchipatala imatsimikizidwa ndi dokotala amene amalemba chimene chapha munthu, ya pamudzi imachitiridwa umboni ndi nyakwawa, ndipo chikalata chimatuluka kudzera ku ofesi ya DC. Mwa njira imeneyi lamulo lavomereza chimene mudzi unkachita kale, kuti mfumu ndiyo mboni yoyamba ya imfa. Kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017, amene analemba anthu oposa 9 miliyoni, anawonjezera chifukwa china cholembetsera imfa, popeza dzina la womwalira likapanda kuchotsedwa limatsalira m'mabuku a zisankho ndi a thandizo la boma. Ngakhale zili tero, imfa zambiri zimachitikira pakhomo, ndipo banja la ku Kasinje kapena ku Katsekera, limene langowononga ndalama pa bokosi ndi chakudya cha olira, silifulumira kulipira ulendo wa kuboma ngati palibe penshoni, akaunti ya kubanki kapena chuma cha masiye choti chitsatidwe.

Mtengo wa kusalemba kwa zaka zapitazo ukulipidwa ndi anthu amoyo. Mu 2019 khoti la ku South Africa linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni za dzikolo zolipira anthu amene anadwala chifuwa chachikulu ndi nthenda ya fumbi la m'mapapo m'migodi ya golide kuyambira 1965, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo, kuphatikizapo kwa mabanja a amene anamwalira kale. Mkazi wamasiye kapena mwana wofuna chipukuta misozi amafunsidwa umboni wa ntchito ya malemu ndi wa nthenda imene inamupha, pamene ambiri mwa amuna amenewa anabwerera kumudzi akutsokomola, namwalira pamkeka m'zaka zimene panalibe wolemba. Umboni umene ulipo wa anthu otere uli m'mabuku a maparishi ndi a misonkhano ya akulu a mpingo, m'mabuku akale a zipatala za Ntcheu, Mlanda, Gowa ndi Nsipe, m'makaundula a nyakwawa, m'makope a chipepeso ndi paziliza. Boma la Ntcheu, la anthu oposa 650,000, malinga ndi kalembera wa 2018, lili ndi midzi ndi mipingo yambiri yosunga mabuku otere, ndipo ntchito yowajambula tsamba ndi tsamba, kulemba mndandanda wa kumene buku lililonse lili, ndi kutumiza makope ake ku Zomba ingatheke ndi zida zotsika mtengo, malinga eni mabukuwo atavomera ndipo chinsinsi cha matenda a anthu chitalemekezedwa. Ntchitoyi ikufunika changu makamaka pa mabuku a zaka zoyambirira za mishoni, amene mapepala ake ayamba kuthetheka ndipo inki ikufufutika, komanso pa okalamba amene angathe kulumikiza dzina la ubatizo lolembedwa m'buku ndi dzina la pamudzi limene banja likulidziwa.